One Piece ya Netflix sizoni 1: yandikomera koma kumapeto yathamanga, inu munaiona bwanji?

Mnyamata_wa_ku25

Anthu anga, dzulo usiku ndamaliza sizoni yoyamba ya One Piece ija ya anthu enieni osati katuni, imene Netflix anatulutsa pa 31 August 2023. Ndimaonera pafoni episodi imodzi imodzi magetsi akakhalapo, ndiye ma episodi 8 anditengera masabata atatu. Katuni yake sindinaionerepo, mabuku a Eiichiro Oda sindinawagwirepo, ndangolowamo ngati mlendo.

Chimene chandigwira mtima si ndewu ayi, ndi nkhani ya Sanji, wophika wa gulu la mapaireti a m'nkhaniyi, ndi mdala Zeff mu episodi 6. Mwana ndi mdala atsakamira pathanthwe pakati panyanja masiku 85, mdala wampatsa mwana kathumba ka chakudya iye watsala ndi chithumba chachikulu, mwana akuganiza kuti mdalayu akudya yekha mobisa, tsiku lopita kukalanda ndi mpeni akupeza muli golide yekhayekha ndipo mdala uja mwendo umodzi palibe, anadula n'kudya kuti chakudya chonse chipite kwa mwana. Ndinaimitsa kaye foni n'kukhala chete. Amene anakulira kumudzi n'kuiona February nkhokwe ili mbee akudziwa chifukwa chake Sanji atakula sangaone munthu wanjala n'kumusiya, ngakhale akhale chigawenga chopanda ndi tambala yomwe. Kenako Nami mu episodi 7 akudzibaya paphewa pamene pali chidindo cha Arlong, munthu-nsomba amene analanda mudzi wawo, mpaka kufika ponena kuti Luffy ndithandize, Luffy, kaputeni wa gululo, osayankhula zambiri kungovula chipewa chake chija salola munthu kuchigwira n'kumuveka. Apo ndiye anandimaliza.

Koma pali zondidandaulitsa. Usopp ndamaliza sizoni yonse osamumvetsa kuti analowa bwanji m'gulu, ma episodi 3 ndi 4 ndi a kumudzi kwawo koma nkhani yonse ikuzungulira Kaya ndi wantchito wake wachiwembu uja Kuro, iye amangothamangathamanga ndi legeni yake. Agogo ake a Luffy aja, Garp, mkulu wa asilikali apamadzi, amangobwerabwera ndi Koby pomwe ine ndikufuna ndikhale m'sitima ndi anyamata. Ndipo Arlong amene anatiopseza naye kuyambira pachiyambi ndewu yake yomaliza sinachedwe n'komwe. Funso langa kwa amene mukuidziwa bwino nkhaniyi: vuto ndi ine mlendo kapena anaithamangitsadi? Mukanakhala inu mukanakonza pati?

ZoroWaKawale

Aise simukunama, anaithamangitsa, ndipo ife a katuni timaziona kwambiri chifukwa tikudziwa zimene anadula. Ganizani mabuku aja anayamba 1997, ndiye iwo atenga machaputala pafupifupi 95 kuwapanikiza m'ma episodi 8, zili ngati minibasi ya ku Likuni madzulo, wina amayenera kutsala pa siteji basi. Amene anatsala ndi Usopp. M'katuni mnyamatayu ali ndi kagulu kake ka tiana titatu tam'mudzi timene timamutcha kaputeni, ndipo pamene anthu akana kumukhulupirira kuti mapaireti akubwera, chifukwa anazolowera bodza lake la tsiku ndi tsiku, iye amasankha kukawatchinga yekha pamtsetse wa kunyanja ali njenjenje, kuti bodza lija likhalebe bodza anthu a kwawo agone mwamtendere. Apo ndi pamene Luffy amamuona kuti uyu ndi munthu. Zonsezo anachotsa, ana aja mulibe, Jango mnzake wa Kuro mulibe, ndiye Usopp wa Netflix anangotsala wanthabwala. Jacob Romero Gibson amasewera bwino, sanampatse chochita basi.

Don Krieg amene m'katuni amamenyana ndi Luffy pa lesitilanti yoyandama ya Baratie ma episodi angapo, kuno Mihawk katswiri wa lupanga uja anangomumaliza kamphindi kochepa. Izo ine sizinandiwawe, Krieg ankatopetsa kale.

Chimene chinandiwawa mpaka lero ndi mudzi wa Nami. M'nkhani yoyambirira Nojiko, Genzo ndi mudzi wonse ankadziwa kwa zaka 8 zonse kuti mtsikanayu akuba kuti asonkhanitse ma berry (ndalama za kumeneko) 100 miliyoni awombole mudzi kwa Arlong, koma ankanamizira kumuda dala kuti tsiku lina akatopa athawe osadziimba mlandu kuti wagwiritsa anthu fuwa lamoto. Anthu kumeza chikondi chawo zaka 8 kuti mwana akhale ndi khomo lothawira! Ku Netflix anasintha, anthu aja amamudadi chifukwa sakudziwa, mpaka Nojiko mchemwali wake wokulira naye limodzi m'munda wa manachesi wa mayi awo Bell-mère. Anachotsa fupa la nkhani. Ine kukonza kwanga n'kophweka: ma episodi 10, limodzi lowonjezera la Usopp, lina la Arlong Park, ndipo Garp adikire nthawi yake chifukwa m'mabuku zoti ndi agogo ake a Luffy zimadziwika patsogolo kwambiri.

Nachisale49

Achimwene a ku Kawale zambiri ndagwirizana nanu koma za Garp ndi Koby ndikukana. Inu mukuyeza ndi katuni, ife enafe tilibe choyezera. Kwa ine Koby ndi amene anandithandiza kumvetsa dziko lija. Mwana wamantha amene ankakolopa m'sitima ya Alvida, maloto ake n'kukhala msilikali wapamadzi woteteza anthu, walowa usilikali uja akupeza akuluakulu ena ndi oipa kuposa mapaireti amene akuwasaka, Morgan wankhwangwa uja, kenako Nezumi amene amalandira za m'thumba kwa Arlong n'kukalanda ndalama zonse za Nami. Popanda mbali imeneyo bwenzi ili nkhani ya abwino uku oipa uku basi. Ndipo za gogo amene akuthamangitsa mdzukulu chifukwa akufuna akhale chimene iye wamusankhira, kodi si za m'nyumba mwathu zimenezi? Mng'ono wanga ankafuna zojambula, bambo anati uphunzitsi kapena usilikali, zaka ziwiri samayankhulana bwino. Nditaona Garp akuseka pomaliza n'kumusiya mwana apite, ndinakumbuka tsiku limene bambo anapita okha kukaona ntchito ya mwana wawo.

Iñaki Godoy wosewera Luffy ndiye anandisangalatsa zedi, kumwetulira kwake sikooneka kokakamiza, umakhulupirira kuti mwanayu angakhulupirire munthu amene wangokumana naye lero.

Chenjezo langa kwa makolo: musanyengeke ndi zovala za mitundumitundu n'kumati ndi ya ana. Ine ndinayamba kuonera ndi wanga wa Sitandade 4, episodi yoyamba yomwe Zoro akudula munthu pakati n'kukhala zidutswa ziwiri, ndinachita kumuphimba m'maso ndi chitenje. Buggy nayenso, mutu pawokha ukuyankhula manja ali kwina, mwana sanagone bwino usiku umenewo. Asankhe chimodzi, ngati ndi ya banja lonse magazi achepetse.

Kamera_ya_ku_Biwi

Ine ntchito yanga ndi kujambula maukwati ndi zinkhoswe ndiye ndimaonera ndi diso lina. Choyamba ulemu kwa amene anamanga malo aja. Anajambulira ku Cape Town Film Studios ku South Africa konkuno, sitima zija anazimangadi ndi matabwa, zina anakonzanso zimene zinagwira ntchito mu Black Sails imene inajambulidwanso komweko. N'chifukwa chake Baratie ija, lesitilanti yoyandama ya mutu wa nsomba, umaimva kuti ndi malo oti munthu angalowe n'kukhala pampando, osati zopanga pakompyuta. Ngakhale nkhono zija amaimbira foni, zonyansa bwino, zimaoneka zogwirika. Ndipo osewera ambiri ndi a ku South Africa, Mihawk ndi Steven Ward, Kaya ndi Celeste Loots, Morgan ndi Langley Kirkwood. Zimandipatsa maganizo ndikaima pa Senga Bay m'mawa asodzi akubwera ndi mabwato, kuti nyanja tili nayo, zilumba tili nazo, nkhani za asodzi ndi za Ilala zilipo zambirimbiri, chikusowa ndi ndalama ndi anthu oti amange zinthu moleza mtima choncho.

Koma pali ziwiri zimene ndikanakonza. Kamera amaiika pafupi kwambiri ndi nkhope ndi lenzi yotambalala ija, mphuno imakula makutu n'kuthawira kumbuyo. Kwa Buggy zimakhala bwino chifukwa ndi wamisala kale, koma anthu awiri akungocheza zachisoni iwe n'kumaona nkhope yopindika, zimakuchotsa m'nkhani. Ine nditajambula mkwatibwi choncho sangandilipire. Chachiwiri mdima. M'nyumba mwa Kaya episodi 4 yonse pafupifupi ndi usiku, mazenera otseka, ndiye ife oonera pafoni titatsitsa kwalite kuti bandulo isathe timangoona mabokosi akudakuda akuyendayenda, Kuro akuthamanga sukumuona n'komwe. Iwo amayesera pa masikirini akuluakulu m'chipinda chamdima, saganiza za munthu ali pakhonde masana ku Biwi. Ndewu ya Zoro ndi Mihawk mu episodi 5 anaijambula poyera kukuwala, taonani mmene inakomera, malupanga atatu kulimbana ndi kampeni kakang'ono ngati kosendera mbatata ndipo chilichonse ukuchiona. Mackenyu wosewera Zoro thupi lake limadziwa ndewu, safunika kumubisa mumdima.

Mnyamata_wa_ku25

Zikomo nonse. A ku Kawale, zoti mudzi wonse unkadziwa zandipweteka ngati ndaoneranso kachiwiri, tsopano ndamvetsa chifukwa chake episodi 8 inkandimvekera yopepuka, anthu aja kugwira makasu ndi zikwanje kupita kwa Arlong zinabwera mwadzidzidzi ngati angotembenuka mtima tsiku limodzi. Asisi a ku 49 za Koby mwandigonjetsa theka, ndivomera kuti Nezumi ndi Morgan amafunika, koma ndikanakondabe mphindi zina za Garp akudya nyama ndi Zeff zipite kwa Arlong, chifukwa munthu-nsomba uja amatchula zoti anthu ankawagwira ukapolo a mtundu wake koma amangozidutsa pakamwa, sitinaone ndi maso ngati mmene tinaonera njala ya Sanji. Akanationetsa ngakhale kamphindi kamodzi ali mwana, ndewu yomaliza ija bwenzi ikuwawa mbali zonse ziwiri.

Achimwene a ku Kawale, katuni ija ndikufuna ndiyambire pa mudzi wa Usopp pomwepo, ndione za pamtsetse zija. Ndi episodi nambala chani, ndipo ndingadumphe zoyambirira osasochera?