Mphaka wanga watupa mphuno, mankhwala sakugwira

Wosatchula dzina: Abale ndithandizeni. Mphaka wanga watupa pamwamba pa mphuno, akuyetsemula, mamina akutuluka osakanikirana ndi magazi, akagona mkonono ngati munthu wamkulu. Ndinamupatsa amoxicillin, palibe chasintha. Apongozi akuti ndikamutaye kudambo, chonsecho iwo anabwera kuti adzangocheza, mpaka lero sakuchoka. Bambo a kunyumba akuti ndalama ya mphaka alibe, koma yobetchera mpira siisowa. Nditani?

Bambo a Junior: MAYI, MPHAKA AMENEYO AMAYENDA USIKU. Apongozi anuwo aona kutali, amvereni.

Nachisale: Galu wathu anatupanso chonchi, kunali kulumidwa ndi njuchi. Kenako anabedwa. Wakubayo ndikumudziwa, ali pagulu pomwe pano.

Bambo a Junior: Anthu akugona ndi njala, inu mukulirira chona? Mpatseni Panado basi.

Aunt Thoko: Panado ayi chonde, amapha mphaka ngakhale kachidutswa. Zizindikirozo zikufanana ndi cryptococcosis, matenda oyamba ndi fangasi wopezeka kwambiri mu zitosi za nkhunda. Mphaka amamupumira ndi fumbi, amayambira m'mphuno, akachedwa amafika m'maso ndi ku ubongo. Amoxicillin ndi wa mabakiteriya, fangasi samumva. Wadwala nthawi yaitali bwanji? Pakhomopo pali nkhunda?

Bambo a Junior: Nkhunda zalakwanjinso? Ndaweta nkhunda kuyambira ndili mwana, ndili bwinobwino ine.

Aunt Thoko: Bambo, inu sindinu mphaka.

Mada wa ku Joni: Kuno dokotala wa ziweto amatenga mamina n'kuwaona pa maikulosikopu, amayezanso magazi. Chotupa chotere chimakhalanso khansa, osamangoganizira. Wa abwana anga anamwa fluconazole miyezi yambirimbiri. Ine ndikadwala amangoti pepa.

Mayi a Chiku: Fluconazole si yemwe amapatsa anthu kuchipatala uja? Ndiye atipatsira ana matendawa!

Aunt Thoko: Mankhwala ndi omwewo, koma matendawa sachoka kwa mphaka kupita kwa munthu. Mlingo auone dokotala molingana ndi kulemera kwake, ndipo osasiya chotupa chikangophwa, amayambiranso. Akafika ku ubongo nthawi zambiri pamafunika jakisoni wa amphotericin B. Ngati muli ku Lilongwe pitani naye ku LSPCA, bungwe losamalira nyama. Mayi, funso langa lija?

Wosatchula dzina: Zikomo nonse. Apongozi aja lero aphika ndiwo zonse za sabata.

Bambo a Junior: NDINANENA INE. Amene akufuna nkhunda, ndikugulitsa, inbox.