Ana anga ayambanso kundimasukira

Mwezi watha ndinafunsa momwe ndingapezere nthawi yocheza ndi ana anga awiri, popeza ndimaweruka mochedwa. Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha. Ndinatsatira malangizo a mayi ena amene anati ndisamadikire Loweruka, koma ndizipatula mphindi 15 tsiku lililonse, foni nditayiika kutali.

Masiku oyamba wamkuluyo ankangoti "zili bwino" basi. Ndinasiya kumupanikiza ndi mafunso, tinkangotsuka mbale limodzi. Sabata yachiwiri anayamba yekha kundiuza za mnzake amene amamuvutitsa kusukulu, zomwe sindinkazidziwa n'komwe. Mtima unandiwawa, ndipo ndakambirana kale ndi aphunzitsi ake.

Wamng'onoyo amakonda ndizimuwerengera nthano asanagone. Amene muli ndi ana angapo, aliyense muzimupatsa nthawi yakeyake, chifukwa nditawaphatikiza ankangolimbirana kulankhula.