Mawu akuti "restored" m'kalata ya atate anga akutanthauza chiyani?

Abale pa gulu pano, ndithandizeni, makamaka inu odziwa Chingerezi cha m'maofesi.

Atate anga ndi alonda pa sitolo ina ya feteleza kuno ku Chipata. Mu February matumba asanu anasowa usiku, ndipo anawaimitsa ntchito. Miyezi inayi akhala pakhomo osalandira ngakhale ngwee. Dzulo kwabwera kalata. Anaipinda kanayi n'kuiika m'thumba la malaya, kudikira kuti ndiweruke ndiwawerengere. Alembamo kuti "your position has been restored". Za malipiro sanatchule.

Ine mawuwa ndimawaona pa foni magetsi akabwera atazima. Kutchalitchinso ndawamva pa Salimo 23, pamene ife timati "atsitsimutsa moyo wanga". Koma atate atandifunsa kuti, "Mwana wanga, akuti ndinalibe mlandu, kapena angondikhululukira?" ndinasowa choyankha. Chikuwapweteka ndi dzina lawo, chifukwa kwathuno anthu ankawaloza zala. Ndiwauze chiyani?

Mphunzitsi wopuma, Katete:
Mwanawe, "restore" ndi kubwezeretsa chinthu mmene chinalili kale. Nyumba, thanzi, magetsi, udindo, zonsezi amatero. Choncho malo a atate anu abwezedwa m'manja mwawo. Koma mawuwo paokha sanena ngati anali ndi mlandu kapena ayi.

Mayi wa ku Petauke:
Pa nkhani ya ntchito mawu amene muwayang'ane ndi awiri. "Reinstated" ndiye kuti munthu wabwerera ngati sanachoke, zaka zake zakale zikuwerengedwa. "Re-engaged" ndiye kuti wayamba ngati watsopano. Kalatayo yadutsa pakati, ndipo ine sindikukondwera nayo. Apemphe kuti alembe momveka za miyezi inayiyo. Akakana, pitani ku ofesi ya Labour. Lamulo lilipo, Employment Code Act ya 2019. Muonenso ngati ndalama za penshoni za ku NAPSA zinkapita m'miyezi imeneyo.

Wofunsa:
Zikomo amayi. Nanga abwerere kuntchito mawa, kapena ayambe adikira yankho? Chimanga cha m'nyumba chatsala thumba limodzi.

Mayi wa ku Petauke:
Apite mawa m'mawa, asajombe. Koma asasaine pepala lililonse inu musanaliwerenge, ndipo kalatayo muijambule pa foni usiku uno.