Akatswiri osoka nsapato, tithandizeni pa mikanda ndi guluu

Pano ku Nchalo amayi akufuna masandasi a mikanda ovala pa chinkhoswe, koma akufunanso chidendene chokwera. Gogoda si wa lero ayi: m'zaka za m'ma 1500 akazi a ku Venice ankavala nsapato zotchedwa chopine, zokhala pa thabwa lalitali, ndipo gogoda wosongoka anafala m'ma 1950 atayamba kuikamo kachitsulo m'kati kuti asathyoke. Koma pa mchenga wa kuno chidendene chosongoka chimangotitimira, ndiye tikuika chophwatalala cha masentimita 4.

Vuto lili pa soli. Timapala mbali zonse ziwiri, kupaka guluu, kudikira mphindi 15 kuti achite nembenembe, kenako kukhoma ndi hamala. Kukatentha mu Okutobala guluuyo amafewa, soli n'kuyasama kutsogolo. Kodi tiwonjeze kusoka mozungulira, kapena pali guluu wopirira dzuwa la kuno?

Nayo mikanda: ulusi wa thonje ukuwola ndi thukuta, wa nayiloni ukucheka chikopa pa mabowo. Inu a ku Ngabu ndi ku Bangula, mumasoka mikanda pa chikopa penipeni, kapena mumayamba mwaisokera pa kansalu? Nanga mabowo mumatalikitsa bwanji?