Oimba otchuka andiuza kuti ndiwatumizire zomwe ndajambula, amanenadi zoona?

Akuluakulu pagulu pano makamaka inu oimba, ndithandizeniko nzeru mutu wanga sukugwira. Ndine mnyamata, gitala ndinaphunzira ndekha pa YouTube ndi kumangomvetsera nyimbo basi. Ndiye pali oimba ena ake otchuka, dzina sinditchula, amene anandipangitsa kuti ndiyambe kugwira gitala moti ma solo awo ambiri ndimawadziwa pamtima. Shoo yawo itatha ndinalimba mtima nkukawauza kuti nanenso ndimayeserako, iwo mmalo mongondipatsa moni nkudutsa anandipatsa gitala yawo yomwe ija akuti taimba timve mphwanga. Manja amanjenjemera koma ndinaimba.

Anati khutu ndili nalo koma ndimathamanga, nyimbo ikafika pokoma biti ndimaisiya kumbuyo. Akuti vuto si dzanja lamanzere lomwe ndimalimbana nalo daily, ndi lamanja. Ndiye ndiike metronome (kachipangizo kogunda biti) pa 60, ndiziimba kachinthu kamodzi komweko mpaka kakhazikike kenako ndijambule pa foni ndiwatumizire. Nambala anandipatsadi.

Kodi anthu otchukawa samangouza aliyense chonchi kuti asangalale? Ndikatumiza sindioneka ngati ndikuvutitsa? Nanga nditumize nyimbo yawo kapena yanga? Chinanso metronome ikundibowa abale, pa 60 ndimakhala ngati sindinagwirepo gitala. Komanso chord ya F pa gitala yawo inangotheka yokha koma pa yanga chala chimachita kuwawa ndipo mawaya ena salira.

Mayankho

– Mphwanga, munthu wongofuna kukusangalatsa amati uli bho pitiriza, nkumapita. Amene wakuuza dzanja lenileni lomwe likulakwitsa ndiye kuti anakumvetsera. Tumiza. Koma kamodzi, ka mphindi imodzi, osati ma voice note khumi pakati pausiku ayi. Za metronome zo tonse zinatibowa, pa 60 ndiye kuti kugunda kamodzi pa sekondi ndiye mpata wake ndi waukulu, kulakwitsa kulikonse kumamveka, nchifukwa chake akupatsa imeneyo. Uziwerenga mokweza 1 2 3 4 phazi likugunda pansi, dzanja lamanja lisamaime, lizipitabe pansi mmwamba pansi mmwamba ngakhale pomwe sukukhudza mawaya. Ukamaimba koyera osaphonya ndiye uzikweza ndi 4 kapena 5 basi, osadumphira ku 100.

– Ine ndingoti musayembekezere zambiri achimwene. Anthu amenewa amatanganidwa, atha kuwerenga osayankha ndipo sikuti akudani. Musayambe kuuza anzanu kuti mukulowa bandi yawo kkkk

– Tumizani yanu. Nyimbo yawo amaiimba bwino kuposa inu, akamvemo chani?

– Ayi apo ndakana. Iwo sanapemphe nyimbo yatsopano, akufuna amve ngati biti yakhazikika. Atumize chomwe anaimba tsiku lija lomwe, metronome izimveka kumbuyo, kuti asiyanitse poyamba ndi pano. Zake adzaonetsa akafunsidwa.

– Za F zo mwina si chala chanu, mawaya atalikirana ndi khosi la gitala. Yesani kuika capo (kopanira mawaya) pa fret yoyamba (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosi) nkupanga shepu yomweyo, ikafewa kwambiri ndiye kuti nut yanu (pomwe mawaya amatsamira kumutu kwa gitala) ndi yaitali, ikalimbabe aone saddle (pomwe mawaya amatsamira pa thupi la gitala) ndi khosi ngati lapindika. Pitani nayo kwa odziwa kukonza, truss rod (chitsulo cha mkati mwa khosi) musaipotokole nokha mutha kuononga. Ngati ndi acoustic ya mawaya achitsulo ndipo muli pa mawaya onenepa a ma 12 kapena 13 tsikirani ku ma 10 kapena 11, amafewerako ngakhale mawu amachepa pang'ono. Chala cholozeracho muzichipendeketsa pang'ono chigone chambali, pafupi ndi fret osati pakati.

– Mwini positi: Zikomo kwambiri akuluakulu, capo ndayesa pompano F yalira mawaya onse 6 eee. Nditumiza chomwe ndinaimba chija. Koma pojambulapo foni ndiziika mbali iti, chifukwa ndikaiika kutsogolo kwa bowo la gitala mawu akumangomveka bass yokhayokha?

– Isunthireni cha pomwe khosi lakumana ndi thupi la gitala, cha pa fret 12, italikireko pang'ono. Ndipo muchune kaye musanajambule chonde.