Thandizeni, chilonda cha bambo anga sichikupola

Membala wobisa dzina: Moni nonse. A admin chonde dzina langa lisaoneke, alamu anga ali pagulu pomwe pano. Bambo anga ali ndi zaka 67, amakhala kumudzi, ine ndili ku Lilongwe. Ali ndi chilonda kunsi kwa phazi, pafupi ndi chala chachikulu, chinayamba nthawi yokolola. Mwina anaponda chitsa kumunda koma iwo sakumbuka, anangoona magazi mujombo madzulo. Kanali kabowo chabe, pano chakula ngati ndalama yachitsulo ya K10. M'mbali mwake khungu lakhuthala n'kuuma gwa, mkati mukutuluka madzi achikasu onunkha. Iwo akuti sichiwawa, moti kudimba akupitabe.

Chikundipweteka n'chakuti ana tilipo asanu koma wotulutsa ndalama ndine ndekha. Achimwene anga a ku Joni ntchito n'kuika zithunzi akuwotcha nyama, ukawauza za bambo amangoti "tikupemphera". Mayi wotipeza ndinawatumizira ya mabandeji, anakaponya kubanki m'khonde, bambo akumanga phazi ndi chidutswa cha chitenje. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anawadikiritsa mpaka masana, n'kungowapaka GV, kuwapatsa panado ndi makapisozi basi. Azakhali nawo akuti anthu anawatchera chifukwa cha mkangano wa malire a munda. Ine mutu waima. Funso langa ndi ili: mankhwala opaka amphamvu ndi ati oti ndigule ku pharmacy kuno nditumize pa minibasi Loweruka?

Mayi a Tadala: Pepani achemwali. Koma nkhani ya mayi wopeza ndi ndalama musandiyambitse, wanga anagulitsa mpaka malata a nyumba ya malemu mayi athu. Muzigula nokha katunduyo n'kutumiza, ndalama ayi.

Gondwe wa Njuchi: UCHI. Ndamaliza. Osati wa m'mabotolo a pamsewu wosakaniza ndi shuga wowiritsa, uchi weniweni wochokera mumng'oma. Tsukani chilondacho, thirani uchi mpaka udzaze, mangani. Mudzabwera nokha kudzandithokoza pompano. Ine ndapoletsa zilonda za anthu, za ng'ombe, ngakhale za galu wanga atang'ambidwa ndi nguluwe.

Dalitso M.: Tsegulani kapisozi wofiira ndi wachikasu uja muwaze ufa wake pachilondapo, chimauma usiku umodzi.

Nesi Wopuma: Mwanawe, musanagule kanthu ndiyankheni kaye. Bambowa ali ndi matenda a shuga? Anayezetsapo? Mapazi amachita dzanzi? Chilonda cha kunsi kwa phazi chosawawa sichindipatsa mtendere. Kapisozi musawaze, ufawo umangopanga nkhanambo pamwamba mafinya n'kumasonkhana pansi.

Membala wobisa dzina: Mayi a Tadala mwalasa. Ndiye ukalankhula amati mwana wamwano, wasanduka bwana chifukwa ali m'tauni.

Mtumiki Banda: Azakhali anuwo musawanyoze. Chilonda chosawawa koma chosapola, munthu osadziwa ndi pomwe anavulalira, zimenezo si zachipatala. Bambowa akufunika mapemphero a kusala, ndipo mundawo upemphereredwe.

Che Jafali: Achimwene a ku Joni ngati muli pano kwezani dzanja, tikuonereni nyamayo kkkk

Gondwe wa Njuchi: A Dalitso makapisozi anuwo ndi amene akupha anthu. Ndipo amene mukuganiza kuti uchi ndi zachimidzi, mvetserani. Kafukufuku anachitika KONKUNO ku Malawi, pachipatala cha Beit CURE ku Blantyre, anatuluka mu 2007. Anayerekeza uchi ndi shuga pomanga zilonda, uchi unapambana. Madokotala eni ake! Ndiye wina abwere andiuze za GV.

Wophunzira Udokotala: A Gondwe kafukufukuyo alipodi, koma muzimunena yense. Odwala anali 40 okha, ndipo anali m'manja mwa chipatala, zilonda zikutsukidwa ndi kumangidwa ndi anamwino. Anapeza kuti uchi unachepetsa tizilombo kuposa shuga ndipo sunkapweteka kwambiri posintha bandeji. Palibe paliponse anati munthu azithira uchi kunyumba n'kumapita kudimba. Bungwe lounika makafukufuku a zaumoyo la Cochrane mu 2015 linasonkhanitsa makafukufuku 26 a uchi. Pa zilonda zamoto zosazama uchi unafulumizitsa kupola ndi masiku anayi kapena asanu, koma pa zilonda zakale za m'miyendo umboni wogwira mtima sunapezeke. Komanso uchi womwe amamangira zilonda m'zipatala zakunja, monga wa manuka wa ku New Zealand, amaupha kaye tizilombo asanaugulitse m'machubu.

Gondwe wa Njuchi: Mwanawe maliza kaye sukulu. Njuchi za ku New Zealand zili ndi digiri? Uchi ndi uchi. Azungu akauika m'chubu mukuombera m'manja, ndikaufula ine ku mng'oma wanga mukuti uli ndi tizilombo. Agogo athu ankapola bwanji Cochrane wakoyo asanabadwe?

Wophunzira Udokotala: Ambiri sankapola, achimwene, kungoti sanalembedwe. Ndiponso inu a Dalitso mukuti "chimauma", kuuma si kupola. Wasayansi George Winter anaonetsa kale mu 1962, poyesa pa nkhumba, kuti khungu latsopano limamera msanga pachilonda chophimbidwa chachinyezi kusiyana ndi chosiyidwa pamphepo kuti chichite nkhanambo.

Che Jafali: Ndiye bambo a mwini post asanduka nkhumba tsopano? Kkkk ana a sukulu inu

Yohane wa ku Balaka: Nonse mukulakwitsa. Muwayang'ane pamsana ndi m'mikono ngati alibe zigamba zotuwa zosamva kukhudza. Khate limayamba chomwecho, limapha mitsempha, munthu amaponda minga osamva. Anthu amaganiza kuti linatha chifukwa mu 1994 dziko lino linafika pa mlingo woti si vuto lalikulu la zaumoyo, koma kuno kwathu odwala atsopano akupezekabe. Agogo anga anataya zala ziwiri achibale akulimbana ndi asing'anga. Mankhwala ake ndi aulere, miyezi 6 kapena 12, ndipo munthu amachira.

Membala wobisa dzina: A Yohane chonde, kumtundu kwathu kulibe khate. Musatitukwane.

Yohane wa ku Balaka: Si zakumtundu mayi, ndi kachilombo. Manyazi omwewo ndi amene anadula zala za agogo.

Nesi Wopuma: A Yohane sanalakwe, akawayang'anenso zimenezo. Koma funso langa lija silinayankhidwe. Shuga? Amamwa madzi kwambiri? Usiku amadzuka kangati kukataya madzi? Aonda?

Anaphiri a ku Ndirande: Ine ndingokuchenjezani, chipatala chachikulu musathamangire. Amalume anga anapita ndi kachilonda kachala, anabwerako opanda mwendo. Anthu aja mpeni uli pafupi. Mpaka lero akazi awo amalira, ndipo ndodo zoyendera tinachita kugula tokha, palibe anatithandiza.

Gondwe wa Njuchi: MWAMVA? Akanathira uchi mwendo ukanakhalapo.

Nesi Wopuma: Anaphiri pepani za amalume, koma ndagwira ntchito muwodi ya zilonda ndipo dokotala sadula mwendo chifukwa chokonda. Amene tinkawadula ndi amene ankafika chala chitada bii, fungo likumveka pakhomo, atayamba azungulira kwina konse. Wofika msanga timangochotsa khungu lokhuthala la m'mbali lija ndi mnofu wakufa, kuyeza kuzama kwake, n'kujambula X-ray kuona ngati fupa lagwidwa. A Gondwe, uchi sufika m'fupa.

Bambo Kachingwe: Ine chikundinyansa ndi chimodzi. Munthu uli ku Lilongwe komwe kuli chipatala cha Kamuzu Central, bambo ako akuwola phazi kumudzi, iwe ukufunsa mankhwala pa Facebook? Ana a masiku ano. Mukudzudzula achimwene anu koma nanunso mukungofuna kutumiza kaphukusi pa minibasi kuti musadetse nyumba. Kawatengeni.

Mayi a Tadala: A Kachingwe musaweruze, mukudziwa mtengo wa transipoti panopa? Inu munasungapo wodwala m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi?

Bambo Kachingwe: Ndinasunga apongozi anga mpaka kumwalira kwawo, ndiye musandiphunzitse.

Membala wobisa dzina: A Kachingwe mawu anu andipweteka, simukudziwa zomwe ndikudutsamo. Amayi a Nesi pepani sindinaone funso lanu, ma comment achuluka. Shuga anawapeza nayo kalekale, ankamwa metformin, koma anasiya chaka chatha atayamba kumwa zitsamba zina za m'botolo, akuti anachira. Sindinatchule chifukwa nkhani ndi ya phazi. Ndiye mafuta opaka aja ndigule ati?

Che Jafali: Eeeh mayi inu, mwatiuza za banki m'khonde, za nyama ya ku Joni, za malire a munda, koma izi munasunga?

Nesi Wopuma: Mwanawe, nkhani yonse ndi imeneyo. Shuga sachira ndi zam'botolo. Akakhala wokwera nthawi yaitali amawononga mitsempha ya kumapazi, n'chifukwa chake bambo sakumva kuwawa, komanso magazi safika bwino kuzala ndiye chilonda sichitseka. Mafuta opaka palibe oti mugule. Loweruka ndi kutali, apite mawa kuchipatala cha boma chachikulu cha m'boma lanu kapena muwabweretse ku Lilongwe, ndipo pakhomo pomwe anene kuti "ndili ndi shuga, ndinasiya mankhwala, ndili ndi chilonda kuphazi". Kuchipatala chaching'ono kuja mwina sananene n'komwe. Akawayeze shuga, mwina adzafunika insulin kwa kanthawi, ndipo afunse za jekeseni wa kafumbata popeza anavulalira kumunda.

Gondwe wa Njuchi: Chabwino apite, koma uchi atenge. Ndipo wa shuga uchi ndiye mankhwala ake, supuni imodzi m'mawa uliwonse m'madzi ofunda. Amene mukufuna weniweni ndipezeni ku inbox, ndimatumiza dziko lonse.

Wophunzira Udokotala: A admin chonde chotsani comment iyi, munthu wa shuga wosamwa mankhwala akuuzidwa kuti azimwa uchi. Uchi umakweza shuga m'magazi.

Gondwe wa Njuchi: Nsanje basi. Ukadzayamba ntchito udzabwera kudzagula kwa ine ndemwe.

Mtumiki Banda: Shuga yemweyo anabwera bwanji? Zonse zili ndi gwero lake.

Linda K.: Pepani kulowerera, alipo akudziwa chochotsera zipsera zakuda za ziphuphu kumaso? Ukwati wanga uli pafupi.

Membala wobisa dzina: Ndawaimbira, akuti mawa sangathe, ali ndi tomato wofunika kuthirira. Mayi wotipeza akuti kuyambira dzulo phazi latupa mpaka m'kakolo ndipo usiku ankanjenjemera, koma akuti ndi malungo. Buku lawo lakuchipatala silikuoneka.

Nesi Wopuma: Si mawanso, ndi lero. Kutupa kokwera ndi kunjenjemera ndiye kuti matenda a pachilonda ayamba kufalikira. Tomato athirire wina. Buku likasowa mukagula lina konko. Asananyamuke atsuke ndi madzi owiritsa ozizira, lita imodzi supuni ya tiyi imodzi ndi theka ya mchere, aphimbe ndi nsalu yochapa yosita, sipiriti asathire, phazi asaviike m'madzi otentha chifukwa apsa osamva. Ndipo asayende wapansi kupita kusiteji, phazilo lisaponde pansi. Lipirani wa kabaza wanjinga yamoto mwachindunji pa foni, akawatenge pakhomo.