Thandizeni: ulendo woyamba wa ku Mauritius, tiyambire pati?

Bambo a Chisomo, Kasungu: Akuluakulu a pa gulu pano, ine ndi mayi a kunyumba tikufuna kukapuma masiku 7 ku Mauritius mu Disembala muno. Sitinakwerepo ndege. Chimene tikufunitsitsa ndi dzuwa, nyanja komanso kuona phiri lophulika moto ndi maso athu. Mapasipoti tili nawo. Viza ikufunika? Nanga njira yabwino ndi iti?

NaBanda: Bambo, ndiyambe ndi za phirilo kuti musakakhumudwe. Chilumba cha Mauritius chinapangikadi ndi mapiri ophulika, koma anazima kalekale. Chimene mukaone ndi chidzenje cha Trou aux Cerfs ku Curepipe, chodzaza mitengo, ndi dothi la mitundu 7 ku Chamarel. Phiri lomwe likulavulabe chiphalaphala chamoto ndi Piton de la Fournaise, lotalika mamita 2,632, ndipo lili pa chilumba cha Réunion, ulendo wosakwana ola limodzi pa ndege kuchokera ku Mauritius. Vuto lake, Réunion ndi gawo la France. Mmalawi amafunika viza, ndipo ya Schengen wamba, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, sikwanira pokhapokha italembedwa kuti ikugwiranso ntchito kumeneko. Komanso phirilo silikhala likuyaka tsiku lililonse. Paulendo woyamba khalani pa Mauritius basi. Kumeneko pasipoti ya Malawi imalowa popanda viza.

A Mwale: Ine nkhawa yanga ndi mwezi mwasankhawo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya anamondwe. Freddy uja anadutsa kumpoto kwa Mauritius mu Febuluwale 2023 asanafike kuno. Disembala kumatentha, kumachita chinyezi, mitengo ya mahotela ndi matikiti imakwera chifukwa cha Khirisimasi. Ngati mungathe, pitani Seputembala kapena Okutobala: dzuwa lilipo, mvula ndi yochepa, ndipo ngati ndinu a fodya ndalama za ku okushoni zimakhala zitalowa. Mukapita Juni kapena Julaye, pezani malo ogona kumadzulo kapena kumpoto, monga Flic en Flac, Trou aux Biches kapena Grand Baie. Kummawa ndi kummwera kumawomba mphepo yonga mwera, mungakhale pagombe mutavala juzi.

Bambo a Chisomo: Zikomo kwambiri, tisuntha mwezi. Nanga za ndege?

NaBanda: Yochoka ku Lilongwe molunjika kulibe. Mudzera ku Johannesburg, kenako maola 4 pa Air Mauritius, kapena ku Nairobi pa Kenya Airways. Gulani tikiti imodzi ya ulendo wonse. Mukagula ziwiri zosiyana, yoyamba ikachedwa yachiwiri imakusiyani ndipo ndalama sabweza. Katundunso mumayenera kukatenga nokha ndi kumuperekanso. Pakati pa ndege ziwirizo pakhale maola osachepera 3. Mukadzera ku Nairobi, baitsani katemera wa yellow fever masiku 10 ulendo usanachitike, chifukwa khadi lake limayamba kugwira ntchito pakatha masiku amenewo. Kuchoka ku Kasungu, bwalo la Kamuzu mulipezera pa Lumbadzi, musavutike kulowa mtauni.

Gogo Chalo: Pofika a imigireshoni amafuna zinthu zitatu: tikiti yobwerera, umboni wa komwe mukagone, ndi umboni wa ndalama, pafupifupi madola 100 pa usiku uliwonse. Lembanitu fomu ya pa intaneti yotchedwa All-in-One Travel Form, musindikize papepala, foni imatha moto. Popeza mukuchokera kudziko la malungo, a zaumoyo akhoza kukuyenderani kudzatenga magazi. Musadabwe, iwo malungo anathana nawo ndipo safuna abwerere.

Za madola yambani lero. Pitani ku banki yanu ndi pasipoti ndi tikiti, mufunsenso malire a ndalama zomwe khadi lanu la ku banki lingatulutse kunja. Kwacha kumeneko sasintha. Tengani madola kapena mayuro, mukasinthe kukhala ma rupee, ndalama za kumeneko, pang'onopang'ono.

A Mwale: Ndiwonjezere za nyanja, chifukwa si ya ku Senga Bay iyi. Sambirani mkati mwa matanthwe otchinga mafunde, momwe madzi ndi odekha. Ku Gris Gris, kummwera, matanthwewo kulibe, musalowe m'madzi ngakhale mutadziwa kusambira. Valani nsapato zapulasitiki, pansi pali tizilombo taminga tobaya koopsa. Ku Le Morne, phiri lomwe ankabisalako akapolo othawa, nyamukani mmamawa ndi madzi malita 2 aliyense. Chakumtunda nkotsetsereka, mvula ikagwa musakwere. Galimoto amayendetsa kumanzere ngati kuno, mabasi ndi otchipa koma kumidzi amasiya kuyenda kukangoda. Wotchi mukaikankhe maola 2 kutsogolo.

Bambo a Chisomo: Mayi akufunsa ngati nsima ikapezeke.

Gogo Chalo: Auzeni akonzekere mpunga, nsomba ndi dholl puri, chakudya chonga chapati chogulitsidwa mumsewu. Akafuna nsima, pezani nyumba yokhala ndi khitchini, koma funsani kaye a ndege ndi a kasitomu za ufa musanaulongedze.